NTHENDA YA KUIWALA: ZA KU CIPATALA NDI ZA PA KHOMO

PETAUKE — M'midzi ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba, monga momwe ziliri m'dziko lonse la Zambia, muli mabanja amene asunga okalamba omwe nzeru zao zinayamba kuzirala. Munthu amene kale anali kudziwa malire a munda uliwonse ndi maina a makolo a mudzi wonse ayamba kuiwala pamene waika khasu, pambuyo pake aiwala kuti wadya kale nsima, ndipo potsiriza ayang'ana mwana wake wobala yekha monga mlendo. Pa banja lotere pabuka mafunso awiri: kodi ku cipatala kuli mankhwala a nthenda imeneyi, nanga pa khomo anthu angacitepo ciani?

Yankho la madokotala ndi lakuti mankhwala ocotseratu nthendayi sanapezeke kulikonse pa dziko lapansi. Koma ici sicitanthauza kuti banja lipinde manja. Alipo matenda ena ofanana nayo amene acizika, alipo mankhwala amene athandiza pang'ono, aliponso ena amene aononga m'malo mothandiza. Koposa zonse, thandizo lalikulu licokera m'manja mwa anthu amene akhala ndi wodwalayo tsiku ndi tsiku.

NTHENDA YA UBONGO, OSATI UFITI

Madokotala aicha nthendayi kuti dementia, pamene anthu m'midzi angoti "agogo abwerera ku umwana" kapena "asokonezeka mutu". Si ukalamba wamba ai, pakuti okalamba ambiri afika zaka 80 kapena 90 nzeru zili zonse. Ndi nthenda imene ipha timitsempha ta m'ubongo pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mtundu wake wofala kwambiri ndi nthenda ya Alzheimer, imene inatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe anaifotokoza mu 1906. Mtundu wina ubwera pamene mitsempha ya magazi ya m'ubongo yatsekeka kapena kuphulika, kawirikawiri cifukwa ca BP yokhala zaka zambiri yosacizidwa.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi nthendayi, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse akhala m'maiko osalemera. Ofufuza amene anapima okalamba m'midzi ya m'boma la Hai ku Tanzania anapeza kuti pafupifupi 6 mwa 100 alionse a zaka 70 kunka m'tsogolo anali nayo. Motero siili nthenda ya Azungu okha monga ena aganizira.

Coopsa ca m'midzi ncakuti zizindikiro zake zifanana ndi zimene anthu akhulupirira za mfiti. Wodwala adzuka pakati pa usiku nayenda, apezeka pa khomo la eni ake kapena pafupi ndi manda, mwina osavala, alankhula ndi abale amene anamwalira kale, ndipo akamufunsa mwaukali avomera mlandu uliwonse cifukwa samva cimene afunsidwa. Munthu wotere ndi wodwala wosocera. Lamulo la dziko lino la Witchcraft Act liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo wocita tero angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa. Banja limene kholo lake liopsezedwa liyenera kukanena kwa amfumu ndi ku polisi, kumene kuli ofesi ya Victim Support Unit.

COYAMBA NDI KUPIMITSA

Nchito yoyamba ya banja ndiyo kupereka wodwala ku cipatala, pakuti si aliyense woiwala ali ndi dementia. Nthendayi iyenda pang'onopang'ono, kwa miyezi ndi zaka. Ngati wokalamba amene anali bwino dzana wasokonezeka mwadzidzidzi lero, kapena wodwala kale waipiratu m'masiku awiri kapena atatu, kawirikawiri pali nthenda yina m'thupi: malungo, cibayo, nthenda ya m'njira ya mkodzo, kucepa kwa madzi m'thupi, kapena kutsika ndi kukwera kwa shuga. Wotere athamangire naye ku kiliniki tsiku lomwelo, popeza akacizidwa nthenda yobisikayo nzeru zake zingabwerere pamene zinali.

Alipo matenda enanso amene afooketsa nzeru mwakacetecete koma ali ndi mankhwala. Cindoko cokhalitsa cifika ku ubongo, ndipo cicizika ndi nyeleti za penicillin. HIV nayonso ikhudza ubongo, ndipo ma ARV athandiza. Okalamba asacite manyazi kupimitsa magazi. Kucepa kwa vitamini B12 ndi kufooka kwa cithokomiro ca pakhosi zizindikirika popima magazi. Pa caka ca njala, munthu wodya nsima ya cimanga yokha yopanda ndiwo zabwino angagwidwe ndi pelagra, imene idetsa ndi kusenda khungu pamene paomba dzuwa, itsegula m'mimba, ndi kusokoneza mutu. Kacasu womwa zaka zambiri aononga ubongo. Wokalamba amene anagwa nagunda mutu angathe kukhala ndi magazi oundana m'kati mwa cibade, amene acotsedwa ndi opareshoni. Cisoni cacikulu cosatha, monga ca munthu wofedwa, naconso cioneka ngati kuiwala.

M'dera lino muli cinthu cinanso. Ofufuza a pa University of Zambia ndi anzao anapeza kuti njoka za m'mimba zocokera ku nyama ya nkhumba ya masese nzofala m'midzi ya ku Petauke ndi Katete. Mazira a njokazi atuluka ndi cimbudzi ca munthu, ndipo akamezedwa angakafike ku ubongo, kumene ayambitsa khunyu ndiponso nthawi zina kufooka kwa nzeru. Wodwala amene aiwala ndi kugwanso khunyu, a cipatala auzidwe zonse ziwiri.

Ulendo uyambira pa kiliniki ya pafupi. Kucokera apo wodwala atumizidwa ku cipatala ca boma ca Petauke kapena ca Nyimba, ku Minga, kapena ku Kalindawalo General Hospital. Zikavuta apitirira ku Chipata Central Hospital, kapena ku Lusaka ku University Teaching Hospital, kumene maphunziro a madokotala a matenda a ubongo anayamba mu 2018, ndi ku Chainama. Womperekeza akhale munthu amene agona naye nyumba imodzi, amene angalongosole pamene vuto linayambira. Anyamule mankhwala onse amene wodwala akumwa, a ku cipatala, a ku sitolo ndi acikuda omwe, osabisa kanthu.

MANKHWALA OTHANDIZA KUKUMBUKIRA

Alipo mankhwala anai amene madokotala a m'maiko ambiri apereka kwa odwala nthenda ya Alzheimer. Atatu mwa iwo, donepezil, rivastigmine ndi galantamine, agwira nchito mofanana: asunga madzi ena a m'ubongo amene timitsempha titumizirana nao mauthenga, kuti asathe msanga. Donepezil analoledwa ku America mu 1996. Wacinai ndi memantine, amene apatsidwa nthenda ikakula.

Banja liyenera kudziwa bwino mphamvu ya mankhwalawa, kuti lisagulitse ng'ombe poyembekezera cimene sicingacitike. Sacotsa nthenda, ndiponso saimitsa kufa kwa timitsempha. Kwa odwala ena aonjezera kukumbukira ndi kudzisamala pang'ono kwa miyezi ingapo kapena caka. Kwa ena sacita kanthu. Atatu oyamba aja angadzetse mseru, kutsegula m'mimba, kusafuna cakudya, ndi kucedwetsa kugunda kwa mtima kufikira munthu akomoka. Memantine angadzetse cizungulire ndi mutu. Cifukwa cake apatsidwa pokhapo dokotala watsimikiza mtundu wa nthenda ndipo angathe kumuona wodwala kawirikawiri. Sapezeka wamba m'makiliniki a m'midzi.

Mu 2023 ndi 2024 ku America analola mankhwala awiri atsopano, lecanemab ndi donanemab. Awa alowetsedwa m'mitsempha ku cipatala, athandiza okhawo amene nthenda yangoyamba kumene, ndipo angocedwetsa nthenda pang'ono. Angatupitse ubongo kapena kucucitsa magazi m'menemo, motero wodwala ajambulidwa mutu ndi makina kawirikawiri. Mtengo wa lecanemab unaikidwa pa madola oposa 26,000 pa caka. Ngati maiko olemera afika pokhapo, ndiye kuti wamalonda aliyense woyenda m'basi kapena pa msika ndi botolo la "mankhwala obweza nzeru" angofuna ndalama za banja.

Mankhwala amene ali pafupi ndi aliyense, ndipo ndi ofunika, ndi a BP ndi a shuga. Kumwa amenewa mosadumphitsa kucinjiriza ubongo ku sitiroko, imene nthawi iliyonse ikagwa icotsako nzeru zina. Wodwala asasungire yekha mapiritsi, pakuti angamwe kawiri kapena katatu poiwala. Munthu mmodzi wa m'banja ndiye azimpatsa.

CENJEZO PA MANKHWALA OGONETSA

Cimene citopetsa banja si kuiwala kokha, koma kusagona, kukuwa, kukana kusamba, ndi kunamizira ana kuti aba ndalama. Apa ambiri apempha "mankhwala oti agone". Pamenepa mpofunika kusamala kwambiri.

Mankhwala a misala monga haloperidol, chlorpromazine ndi risperidone azizitsa munthu, koma kwa wokalamba wodwala dementia aumitsa thupi, agwetsa, ndipo aonjezera ngozi ya sitiroko ndi imfa. Boma la America linacenjeza za ici mu 2005 ndi mu 2008. Malangizo a WHO ndi akuti aperekedwe pokhapo wodwala ali pafupi kudzipweteka kapena kupweteka ena, njira zina zitalephera, pa muyeso wocepa, kwa nthawi yaifupi, ndipo wa cipatala azimuonanso. Pali mtundu wina wa dementia umene wodwala aona anthu kapena nyama zimene palibe, nanjenjemera ndi kuyenda mouma. Kwa ameneyu mankhwalawa ndi oopsa koposa.

Diazepam, Piriton ndi amitriptyline, amene ena agula kapena kupempha kwa anansi kuti agoneke agogo, aonjezera kusokonezeka ndi kugwa, ndipo wokalamba akathyoka ciuno kawirikawiri sadzukanso. Mowa suli mankhwala a tulo. Zitsamba zoledzeretsa nazonso zili ndi ngozi yomweyo, popeza muyeso wake sudziwika.

Nthawi zambiri ukali wa wodwala ndi ululu umene alephera kuuchula. Madokotala a ku Norway anasonyeza mu 2011 kuti okalamba odwala dementia atapatsidwa mankhwala a ululu mwa dongosolo, ambiri a iwo paracetamol cabe, anacepetsa kuvuta. Tero banja liyambe layang'ana dzino lobooka, bondo lotupa, cilonda ca ku phazi, kapena kudzimbidwa, ndipo lifunse a cipatala muyeso woyenera.

MANKHWALA A PA KHOMO

Anamwino aphunzitsa kuti khalidwe lililonse lovuta lili ndi gwero lake. Wodwala akayamba kuvuta, womsamala adzifunse: kodi ali ndi njala, ludzu, kapena afuna ku cimbudzi? Kodi pali phokoso, alendo ambiri, kapena kwatentha? M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku cigwa ca Luangwa m'maiko a Mfumu Luembe, Nyalugwe ndi Mwape, wokalamba aiwala kumwa madzi ndipo asokonezeka cifukwa ca ludzu lokha. Kapu ya madzi kapena thobwa imfikire m'manja kangapo pa tsiku, osadikira kuti apemphe.

Tsiku liziyenda mofanana. Kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona zicitike pa nthawi imodzimodzi, mphasa ndi ndodo zikhale pa malo ake a masiku onse. Kumcotsa wodwala pa mudzi ndi kumpereka kwa ana ku Lusaka kapena ku Migodi kawirikawiri kuonjezera kusocera kwake, pakuti mtengo wa mango, nkhokwe ndi njira ya ku citsime zimene azidziwa ndizo zimgwirizira nzeru zotsala.

Polankhula naye, munthu abwere ca kutsogolo, adzichule dzina, alankhule mau ocepa mofatsa, funso limodzi pa nthawi imodzi. Ulemu wake usacoke. Akhalabe amai, atate kapena ambuye, ndipo ana aletsedwe kumseka. Kutsutsana naye kulibe phindu. Akafunsa za amuna ao amene anamwalira zaka khumi zapitazo, kumuuza za imfayo tsiku lililonse ndiko kumliritsa maliro atsopano tsiku lililonse. Nkwabwino kunena kuti, "Amai, mwawakumbuka atate? Tiuzeniko za munda umene munali kulima nao," ndipo mtima ukhala pansi. Akanena kuti amubera, banja limuthandize kufuna cinthuco m'malo mokwiya, ndi kuphunzira malo amene akonda kubisa.

Manja akumbuka nchito ngakhale mutu waiwala maina. Kusenda nshawa, kukonola cimanga, kusankha nyemba, kusesa pabwalo, kuluka mphasa kapena kupota cingwe zimpatsa wodwala cocita ndi ulemu, ndipo munthu amene wayenda ndi kugwira kanchito masana agona bwino usiku. Nchitoyo ikalakwika asadzudzulidwe. Nyimbo nazonso zikhalitsa m'ubongo koposa mau wamba: nyimbo za pamtondo, za ku chalichi ndi kulira kwa kalimba zitsitsimutsa ngakhale wodwala amene analeka kuceza.

Njira yina imene inayesedwa ndi madokotala ndiyo kusonkhanitsa odwala ocepa kawiri pa mlungu kwa milungu 7, kuti aimbe, akambe zakale, achule mbeu ndi mitengo ya zinthu, ndi kusewera timasewera togwiritsa nchito mutu. Njirayi inayambira ku England, ndipo itayesedwa m'midzi ya ku Hai ku Tanzania inathandiza nzeru za odwala. Siifuna magetsi kapena makina. Gulu la azimai a mpingo lingathe kuyamba zofanana nazo pansi pa mtengo.

Madzulo ndiyo nthawi yovuta. Dzuwa likapendeka odwala ambiri amanga katundu nati apita kwao. Pakati pa Ansenga, kumene mwamuna anali kukakhala ku mudzi wa mkazi, nkhalamba ingafune kubwerera ku mudzi wa amai ake umene inacoka zaka 50 zapitazo. Kuitsekera m'nyumba kapena kuimanga ndi cingwe kuonjezera mantha ndi ukali, ndipo lamulo la Mental Health Act la 2019 licinjiriza ulemu ndi ufulu wa odwala otere. Wina ayende nayo pang'ono, aceze nayo, ndi kubwerera nayo ku nyumba pa nthawi ya cakudya. Nyale ya sola iunike m'cipinda ndi njira ya ku cimbudzi, ndipo kabelu kapena citini ca timiyala pa citseko cidzutse ogona.

Anansi ndi amfumu auzidwe poyera za nthendayi, kuti womuona wodwala ali yekha ambweze mwamtendere. M'thumba mwake musokeredwe kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni ya mbale. Ici ncofunika koposa m'midzi ya m'mbali mwa mseu wa Great East, mmene malole athamanga usana ndi usiku, ndiponso pa dzinja pamene mitsinje yadzala. Mankhwala a thonje, a m'nkhokwe, a makoswe ndi parafini zibisidwe patali, ndipo wodwala asasiyidwe yekha pa moto kapena pa mbaula.

Cakudya cikhale cofewa ndi ca kawirikawiri: phala la nshawa, nthoci, kandolo, maungu, mazira, nyemba, kapenta ndi ndiwo zotendera. Adye atakhala tsonga, mosafulumizidwa, kuopa kutsamwa. Maso ndi makutu apimidwe, pakuti ng'ala icotsedwa ndi opareshoni yaifupi, ndipo munthu amene aona ndi kumva bwino sasokonezeka msanga. Nthenda ikafika pomgoneka, atembenuzidwe pa maola awiri alionse ndi kusungidwa wouma, kuti asacite zilonda za pa mphasa.

WOSAMALA NAYE ASAMALIDWE

Kawirikawiri mtolo wonse ugwera munthu mmodzi, mwana wamkazi kapena mdzukulu, amene alinso ndi munda ndi ana. Munthu wosagona miyezi yambiri adwala, ndipo wotopa ndiye akalipa ndi kumenya osafuna. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Banja likhale pansi pamodzi ndi amalume, ligawane masiku, ndipo ana okhala m'tauni atumize ndalama za sopo, zofunda ndi ulendo wa ku cipatala, ndi kubwera kudzapumitsa mlongo wao. Mwana wa sukulu asacotsedwe m'kalasi cifukwa ca nchitoyi. Nkhani za munda, ng'ombe ndi ndalama zikambidwe msanga, wodwala akali kutha kunena cifuniro cake pamaso pa mboni.

Boma lili ndi thandizo la ndalama la Social Cash Transfer, limene linayambira ku Kalomo mu 2003, ndipo mu 2007 linayesedwa ku Katete monga penshoni ya okalamba. Mabanja osauka okhala ndi munthu wokalamba, kapena wodwala nthenda yosatha, ali m'gulu la amene aganiziridwa. Ofuna kudziwa zambiri afunse komiti ya CWAC ya m'dera lao kapena ofesi ya Social Welfare ku boma.

Tsiku la 21 Sepitembala caka ciliconse maiko akumbukira odwala nthendayi. Koma kwa banja la ku Petauke kapena Nyimba nchito ili ya tsiku lililonse: kupimitsa msanga, kuciza cimene cicizika, kukana mankhwala ogonetsa osalembedwa ndi dokotala, ndi kusunga kholo pakati pa anthu ake. Wodwala angaiwale dzina la amene wamsambitsa, koma kufatsa kwa manja ndi kwa mau akumva kufikira tsiku lotsiriza. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.